PHUNZIRO 7: CHIMENE CHILI M'KATI MWA KHOMA

SABATA MASANA

Werengani: Eksodo 31:1-17, Ezekieli 13:10-15, Yeremiya 22:13-17.

Vesi Loloweza: Akolose 3:23, 24.

Mfundo Yaikulu: Luso la manja ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, ndipo ntchito imene mwini nyumba sangathe kuiona, Mulungu amaiona.

M'mipingo yathu ya kumidzi ya m'boma la Blantyre, kuyambira ku Madziabango pa msewu wotsikira ku Chikwawa kufikira ku Chileka ndi ku Lirangwe, muli abale ndi alongo ambiri amene amadya thukuta la ntchito zomangamanga. Ena ndi omanga, ena ndi amisiri a matabwa, ena amawotcherera zitsulo, ena amaumba njerwa, ndipo ena amatunga madzi ndi kusakaniza matope. Ambiri a iwo amapita kumzinda kukamanga nyumba zimene iwo eni sadzagonamo. Ntchito yao ili ndi yesero lakelake, pakuti gawo lalikulu la zimene amachita limakwiriridwa m'nthaka kapena kuphimbidwa ndi pulasitala. Sabata ino tiphunzira chimene Malemba anena kwa mmisiri, kwa womlemba ntchito, ndi kwa mpingo umene onse awiri amapembedzamo.

TSIKU LOYAMBA: LUSO LICHOKERA KWA MULUNGU

Kodi Mulungu anamdzaza Bezaleli ndi chiyani, ndipo anatero kuti agwire ntchito yanji? Eks. 31:1-6.

Tizindikire kuti Bezaleli sanali wansembe kapena mneneri. Anali mmisiri wa golidi, siliva, mkuwa, miyala ndi matabwa, koma Mulungu anamuitana pomtchula dzina, namdzaza ndi Mzimu wake kuti amange chihema chokomanako. Ambuye Yesu mwini anadziwika ku Nazarete monga mmisiri wa mitengo (Marko 6:3), ndipo mtumwi Paulo anadzidyetsa yekha posoka mahema (Mac. 18:3). Chotero Mkhristu amene apeputsa ntchito yamanja, naiyesa yoyenera okhawo amene sukulu inawakanika, sanawerenge bwino Baibulo lake.

Mumzinda wa Blantyre muli umboni wooneka ndi maso. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott wa mpingo wa Church of Scotland, munthu amene sanaphunzirepo za mapulani a nyumba. Amene anaumba njerwa, kuziwotcha ndi kuzisanja anali makolo athu a m'dziko lino, amene anali asanamangepo nyumba yotere. Zaka zoposa 130 zapita, ndipo makoma aja akadali chiimire.

Kodi muli nalo luso lanji m'manja mwanu, ndipo munayamba mwamthokoza Mulungu chifukwa cha ilo?

LOLEMBA: KHOMA LOPAKA NJEREZA

Kodi nchiyani chidzagwere khoma lomangidwa mwachinyengo, ngakhale litapakidwa bwino kunja? Ezek. 13:10-15.

Ezekieli anali kudzudzula aneneri onama, koma fanizo lake analitenga pa ntchito ya omanga, ndipo mmisiri aliyense alimvetsa msanga. Njira zobera pa ntchito yomanga nzodziwika. Mwini nyumba agula matumba khumi a simenti, lililonse la makilogalamu 50, koma awiri agulitsidwa mseri, ndipo malo ake alowa mchenga. Maziko akumbidwa osafika pa nthaka yolimba. Zitsulo za m'konkire zichepetsedwa. Konkire imene iyenera kuthiriridwa madzi masiku osachepera 7, ndi kufika pa mphamvu yake yoyenera patatha masiku 28, isenzetsedwa katundu isanakhwime chifukwa mmisiri ali ndi changu cha kukayamba ganyu kwina. Pulasitala ikapakidwa zonsezi zibisika, ndipo mwini nyumba alipira mokondwera. Chinyengocho chidzaululika ndi mvula, mwina patapita zaka, usiku pamene ana ali m'tulo.

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy anagwetsa nyumba zambirimbiri m'chigawo cha kummwera, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ku Chilobwe matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba zolimba ndi zofooka zomwe. Tisaweruze amene anaferedwa, pakuti Yesu anakana kuti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera anali ochimwa koposa anzao (Luka 13:4, 5). Koma tsokali litikumbutse kuti moyo wa anthu uli m'manja mwa womanga. Nchifukwa chake chilamulo cha Mose chinalamula kuti womanga nyumba yatsopano aike kampanda pa tsindwi, kuti munthu angagwe, ndipo mwazi wake ungakhale pa nyumbayo (Deut. 22:8). Mmisiri woopa Mulungu akaona kuti malo ali m'njira ya madzi, kapena kuti simenti yachepa, anene poyera, ngakhale mwini nyumba asakondwere nazo.

LACHIWIRI: MALIPIRO A WANTCHITO

Kodi Mulungu anena chiyani kwa munthu womanga nyumba yake ndi thukuta la mnzake losalipidwa? Yer. 22:13-17, Yak. 5:4.

Tchimo la pa ntchito yomanga silikhala kwa mmisiri yekha. Mfumu Yehoyakimu anamanga nyumba yaikulu ya mazenera otakasuka ndi matabwa a mkungudza, koma anagwiritsa anthu ake ntchito popanda mphotho, ndipo mneneri anamuuza kuti kudziwa Yehova ndiko kuweruza mlandu wa wosauka mwachilungamo. Lero alipo anthu amene alowa m'nyumba zao zatsopano ndi pemphero ndi chikondwerero, pamene womanga akadayendera ndalama zake mwezi ndi mwezi, kuuzidwa kuti abwere mawa. Alipo akontilakita amene alandira ndalama zonse, koma antchito ao abwerera kumudzi chimanjamanja. Alipo amisiri amene alandira zao, namana mnyamata amene anasakaniza matope tsiku lonse, kapena mayi amene anasenza ndowa za madzi kuchokera kumjigo.

Chilamulo chinati wolembedwa ntchito wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, popeza mtima wake uli pa ndalamazo (Deut. 24:14, 15). Yesu anaphunzitsanso kuti wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake (Luka 14:28-30). Ngati ndalama zanu zikwanira maziko okha, mgwirizane ndi mmisiri za maziko okha. Mawu awa akhudzanso makomiti omanga matchalitchi athu. Mbale akapereka luso lake kwaulere, chikhale chopereka cha mtima wake, chosaumirizidwa. Koma ngati munapangana naye malipiro, mlipireni, pakuti nayenso ali ndi ana ofuna kudya.

Kodi alipo munthu amene anakugwirirani ntchito ndipo kufikira lero simunamlipire? Mudzachita chiyani Sabata lisanafike?

LACHITATU: NYUNDO IPUME PA SABATA

Kodi ndi lamulo liti limene Mulungu analibwereza atangotha kupereka malangizo a kamangidwe ka chihema? Eks. 31:12-17, 35:1-3.

Panalibe ntchito yopatulika koposa kumanga malo okhalamo Yehova, komabe ngakhale ntchito imeneyo inaima pa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Ngati nyundo ya Bezaleli inapuma, kodi nyumba ya munthu ingakhale yofulumira motani kuti iswetse Sabata?

Ili ndi yesero lowawa kwa amisiri athu, ndipo tisalichepetse. Pa malo ambiri omanga Loweruka ndi tsiku la ntchito, penanso ndilo tsiku lolandira malipiro. Kapitawo angathe kuuza mbale kuti akapanda kubwera malo ake atenga wina, pakuti pachipata paima anyamata ambiri ofuna ganyu. Ena ataya ntchito pa chifukwa chimenechi, ndipo mabanja ao aona njala. Mulungu sanalonjeze kuti womvera sadzataya kanthu, koma analonjeza kuti adziwa zosowa zathu (Mat. 6:31-33).

Pali nzeru zimene zingathandize. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna: nenani za Sabata tsiku limene mukulembedwa ntchito, osadikira Lachisanu madzulo. Dziperekeni kugwira tsiku loyamba la sabata kapena kulawirira masiku ena. Ngati ntchito muyendetsa ndinu, thirani konkire kumayambiriro kwa sabata, ndipo Lachisanu muiphimbe ndi masaka onyowa kapena mchenga wonyowa kuti isunge chinyontho. Koposa zonse, ntchito yanu ya masiku asanu ndi limodzi ikhale yotere kuti kapitawo aone kuti kukutayani ndi kuluza. Ndipo mwini nyumba wosunga Sabata akumbukire kuti lamulo lachinayi litchula wantchito ndi mlendo yemwe (Eks. 20:10). Sikoyenera kukhala m'tchalitchi pamene anthu ena akukweza khoma lanu.

LACHINAYI: KUPHUNZITSA ENA

Kuwonjezera pa luso, kodi Mulungu anaika chiyani mumtima mwa Bezaleli ndi Oholiabu? Eks. 35:30-35.

Iwo anapatsidwa mtima wa kuphunzitsa ena. Amisiri ena amabisa luso poopa kuti wophunzira adzawalanda msika, nasunga mnyamata pa wilibala zaka zisanu osamgwiritsa levulo kapena chingwe chowongolera khoma. Ameneyu wakwirira talente m'nthaka, ndipo waiwala kuti mutu umodzi susenza denga.

Mpingo wathu unazindikira zimenezi kalekale. Mishoni ya Malamulo ku Thyolo inayamba mu 1902, ndipo ya Matandani ku Neno mu 1908. Ku Matandani kunakula sukulu ya ntchito zamanja, kumene anyamata anaphunzira kumanga ndi kupala matabwa pamodzi ndi Mawu a Mulungu. Boma nalo linakhazikitsa bungwe la TEVETA mwa lamulo la mu 1999 kuti liyang'anire maphunziro a luso, ndipo sukulu zonga Soche Technical College ku Limbe zaphunzitsa amisiri ambiri. Wachinyamata, mnyamata kapena mtsikana, amene waphunzira ntchito pa dzanja la mmisiri, alimbikitsidwe kukayesedwa mayeso a luso kuti akhale ndi chikalata. Ndiponso ntchito ikusintha. Mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo. Amene adziwa chikombole ndi uvuni wokha ayenera kuphunziranso kuumba ndi kumanga mabuloko a simenti.

Kodi mumpingo mwanu muli achinyamata angati osowa chochita, ndipo muli amisiri angati amene angatenge mmodzi?

LACHISANU: PHUNZIRO LOWONJEZERA

Werengani 2 Mafumu 12:11-15. M'masiku a mfumu Yoasi, anthu amene anapatsidwa ndalama zolipira amisiri okonza kachisi sanafunsidwe kuti afotokoze m'mene anaziyendetsera, chifukwa anali okhulupirika. Ellen G. White, m'buku lake lotchedwa The Desire of Ages la mu 1898, anafotokoza kuti Yesu ali mmisiri ku Nazarete sanalole kugwira ntchito yopereŵera, ngakhale m'kagwiritsidwe ka zida. Paulo anati tsiku lilinkudza limene ntchito ya munthu aliyense idzayesedwa ndi moto, kuti zioneke zimene anamanga nazo pa maziko amene ali Khristu (1 Akor. 3:10-15).

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Mwini nyumba akuuzani kuti muchepetse simenti m'maziko chifukwa ndalama zamthera, ndipo mukakana aitana mmisiri wina. Kodi mudzachita chiyani?

2. Kodi mpingo ungathandize bwanji banja la mbale amene wachotsedwa ntchito chifukwa cha Sabata?

3. Amisiri awiri a mumpingo umodzi akakangana pa za malipiro, kodi Mateyu 18:15-17 awatsogolera motani?

MWACHIDULE: Mulungu ndiye apatsa luso, ndipo afuna kuti mmisiri amange moona, wolemba ntchito alipire pa nthawi yake, onse apume pa Sabata, ndipo wodziwa aphunzitse wosadziwa.