Chimene Botolo Silingasunge

Ku Scotland, fakitale yotcheza wisiki ya Carsebridge idatsekedwa mu 1983, ya Cambus mu 1993, koma migolo yomwe idatsala ikutsegulidwabe mpaka lero. Okonda chakumwachi amalipira ndalama zambiri kuti alaweko, amvekere akulawa nthawi yomwe sidzabweranso. Kodi chinthu chimakhalitsa chifukwa chosungidwa, kapena chifukwa chopangidwanso? Yankho labwino lili m'midzi ya Ansenga ku Petauke ndi ku Nyimba, komwe mowa wa masese sugonera masiku ambiri usanasase, komabe wakhalapo mibadwomibadwo.

Taonani mmene mowawu umafulidwira. Mayi amaviika mbewu m'madzi, amaivundikira mpaka itamera, amaiyanika ndi kuisinja kuti chikhale chimera. Amawiritsa phala mu mgolo, amathira chimeracho litazirala, ndipo thovu likayamba kuwira amadziwa ndi lilime lokha kuti mowa wapsa. Mwana wamkazi yemwe akusonkhezera moto akuona zonsezi. Mowawo udzatha mawa, koma luso lalowa m'manja ena. Wisiki wa ku Cambus ndi wosiyana: ali mumgolo amauluka pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse chaka chilichonse, ndipo botolo lililonse lotsegulidwa likuchepetsa zomwe palibe angabwezeretse. Uyo ndi chuma chamasiye chomwe chikudyedwa. Masese ndi mbewu yomwe ikubzalidwanso.

Wina anena kuti kugonera kumakometsa, monga mawu a akuluakulu akoma akagonera. Nzoona. Lamulo la ku Scotland limafuna kuti wisiki akhale zaka zosachepera 3 mumgolo wa mtengo wa oak, ndipo mtengowo ndiwo umampatsa mtundu ndi fungo. Koma imeneyo ndi ntchito ya mgolo, yomwe imachitikanso m'mafakitale omwe akugwirabe ntchito. Kutsekedwa kwa fakitale sikuonjezera kanthu pa lilime. Kumangokweza ndalama zogulira. Wolawayo akulipira kusowa kwa chinthu, n'kumakutcha kukoma. Ngakhale mawu a akuluakuluwo sakomera m'bokosi, amakoma mdzukulu akawagwiritsa ntchito pa mlandu wa lero.

Wina atsutsanso kuti mowa wa lero si uja ankafulula makolo, poti chimanga chidalanda malo a mawere ndi mapira, ndipo ena amathiramo shuga. Koma chosasintha konse ndi chomwe chafa. Ansenga akasonkhana kwa Mfumu Kalindawalo pa mwambo wa Tuwimba mu Okutobala, kuthokoza ndi kupempha mvula, sapereka zotsalira za makolo. Amabwera ndi zokolola zawozawo. Nsembe ya mowa nayonso imafuna wofululidwa kumene, kuchokera m'nkhokwe za amoyo. Nzeru yake njakuya: akufa salemekezedwa pogawana zomwe adasiya mpaka zithe, koma popitiriza ntchito yawo. Choncho mudzi uziopa kutha kwa ophunzira kuposa kutha kwa mowa.