Tiwerengere Tisanamange Nsanja

Lamulungu la 23 la pa Chaka (C), Luka 14:25-33



Mu Mthenga Wabwino wa lero, Ambuye Yesu ali pa ulendo wa ku Yerusalemu ndipo chikhamu cha anthu chikuwatsatira. Iwo sakutengeka ndi kuchuluka kwa anthuwo. Akuwapatsa fanizo la munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi n'kuona ngati ndalama zake zingafike mpaka kudenga. Akapanda kutero amathera pa maziko, odutsa n'kumamuseka. Ife a m'tauni fanizoli sitichita kulifuna patali. Nyumba zolekezera m'mawindo, udzu utamera m'kati, timaziona tsiku ndi tsiku.

Lero ndilankhule ndi achinyamata a m'parishi muno amene akuphunzira zachuma ndi zowerengera ndalama, kaya ndi ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku MUBAS, ku Yunivesite ya Katolika ku Nguludi, ku Bunda kapena ku Malawi College of Accountancy. Makolo ndi nonse olipira fizi, nkhaniyi ndi yanunso. Funso limene limawasowetsa tulo ana athuwa ndi limodzi: ndikamaliza, ndilowere kuti? Njira zilipo zingapo, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake.

Njira yoyamba ndi kufuna ntchito: m'mabanki, m'makampani a inshuwalansi, ku MRA, ku Reserve Bank, ku Unduna wa Zachuma, m'mabungwe omwe si aboma kapena m'makampani ofufuza mabuku a ndalama. Malo ndi ochepa, pomwe omaliza maphunziro amachuluka chaka ndi chaka. Mtengo wa njirayi ndi kudzichepetsa: kuyambira pansi, mwina pa kauntala, mwina ngati wophunzira ntchito wolandira ka alawansi kongokwanira minibasi. Musakanyoze kayambidwe kotere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira yachiwiri ndi mayeso a ukatswiri. Ofuna kukhala akauntanti ovomerezeka amadzera ku ICAM kapena ku ACCA. ACCA ili ndi mayeso 13, ngakhale digiri yoyenera imakuchotserani ena, ndipo imafunanso miyezi 36 ya ntchito musanakhale membala. Fizi yake imawerengedwa m'mapaundi. Kumbukani kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anawerengera m'makwacha okha anadzuka nsanja yawo itakwera mtengo usiku umodzi. Palinso CFA, ya magawo atatu, yolipiridwa m'madola. Imayenera munthu wofuna kuyendetsa ndalama za penshoni ndi masheya, koma dziwani kuti msika wake kuno ndi waung'ono: makampani a pa Malawi Stock Exchange safika 20.

Njira yachitatu ndi digiri yachiwiri, ya masters. Imathandiza wofuna kuchita kafukufuku, kuphunzitsa kapena kulangiza boma pa mfundo zachuma. Ilipo konkuno ku Zomba, ndipo kunja kuli thandizo monga la Chevening la ku Britain, limene limafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri ndiponso kuti mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Apa mukuona kuti kuyamba ndi ntchito si kutaya nthawi. Choopsa ndi kulowa masters pongothawa ulova, makolo n'kugulitsa puloti, inu osadziwa chimene pepalalo mukachite nalo.

Njira yachinayi ambiri amaiona ngati yotsalira, koma ine ndimailemekeza: bizinesi yanuyanu, kapena kutumikira ma SACCO, makoparetivi a alimi ndi magulu a banki m'khonde. Kumeneko kuli anthu olimbika amene akudyeredwa ndi akatapila chifukwa chosowa wowalembera mabuku olondola.

Sankhani imodzi yoyambira. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndipo powerengera musaiwale ngongole ya boma imene inakuphunzitsani. Kuibweza ndi chilungamo, pakuti ndalama yomweyo ndi imene akudikira mwana wina wochokera ku sekondale ya kumudzi.

Komatu, abale ndi alongo, Ambuye sanapereke fanizoli ngati uphungu wa ntchito. Akunena za mtengo wa kuwatsata Iwo, ndipo akumaliza ndi mawu olimba akuti wokakamira chuma chake sangakhale wophunzira wawo. Ndiye pa pepala lanu lowerengera pali mzere wina umene sukulu siinakuphunzitseni. Njira zinayi zija zikufanana pa chinthu chimodzi: moyo wanu wonse mudzagwira ndalama za eni. Penshoni ya mphunzitsi wopuma, msonkho wa mayi wogulitsa tomato, ndalama ya mankhwala a m'chipatala, zonsezi zidzadutsa pa desiki yanu, ndipo eni ake sadzakhalapo kuti akuoneni.

Dziko lathu linaona kale zimene zimachitika mzere umenewu ukasowa. Mu 2013 kunaphulika nkhani ya Cashgate: mabiliyoni a kwacha anatuluka m'boma kulipira katundu ndi ntchito zomwe kunalibe. Maiko otithandiza anaimitsa thandizo la bajeti, ndipo ululu wake unagwera wodwala ndi mwana wa sukulu. Ambiri mwa anthu amene anayendetsa mapepala aja anali ophunzira bwino. Masamu sanawavute, chinasowa ndi mantha ndi Mulungu.

Chiyeso sichibwera ndi mabiliyoni tsiku loyamba. Chimayamba ndi alawansi ya msonkhano umene simunapiteko, lisiti lowonjezera ziro, kapena bwana wokuuzani kuti ingosainani, tonse timatero. Mukakana, mtengo wake ulipo ndipo sindikubisirani. Mwina sadzakukwezani msanga. Mwina adzakutchani ouma mutu. Anzanu a kalasi imodzi adzakhala akumanga nyumba zosanja inu mukadali pa lendi. Mtengo umenewu uwerengereni lero, muli pa sukulu, chifukwa tsiku limene fayilo ili patsogolo panu nthawi yoganiza imakhala itatha.

Musaganize kuti Mpingo umanyoza ntchito ya ndalama. Yosefe anapulumutsa Ejipito ndi abale ake omwe posunga gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola m'zaka za dzinthu. Mateyu Woyera, amene chaka chake timachita pa 21 September, Ambuye anamuitana ali pa tebulo la msonkho, ndipo lero ndi nkhoswe ya akauntanti ndi ogwira ntchito m'mabanki. Ngakhale kalembedwe ka mabuku a ndalama kamene mumaphunzira, kolemba ndalama iliyonse kawiri, anakafotokoza m'buku losindikizidwa ku Venice mu 1494 ndi Luca Pacioli, wa chipani cha Fransisko Woyera. Kalembedwe kameneka kamafunsa mafunso awiri: ndalamayi yachokera kuti, ndipo yapita kuti? Dzifunseni chimodzimodzi za maphunziro anu. Achokera kwa Mulungu, kwa makolo amene anadzimana, ndi kwa okhoma msonkho amene simudzawadziwa. Nanga apita kuti?

Makolo, nanunso muli ndi gawo. Musamukankhire mwana ku ntchito chifukwa mwamva kuti kumeneko kuli madilu. Akayamba ntchito, musamusenzetse fizi ya fuko lonse mwezi woyamba. Ndipo akabwera ndi galimoto yosagwirizana ndi malipiro ake, musathamangire kululutira; mufunseni komwe yachokera. Inunso akuluakulu ogwira ntchito m'mabanki ndi m'maofesi, achinyamatawa amakhala nanu benchi limodzi Lamulungu lililonse. Aitaneni, muwauze zoona za ntchito yanu. Nanu achinyamata musachite manyazi kufunsa, paja safunsa anadya phula. Ndipo luso lanu likhoza kuyamba kutumikira pompano: asungichuma a m'miphakati mwathu angakondwe kupeza wowathandiza kulemba lipoti lomveka.

Sabata ino, wophunzira aliyense atenge pepala, alembe njira imene akuiganizira ndi kuyankha mafunso anayi. Idzadya ndalama zingati, ndipo adzalipira ndani? Idzatenga zaka zingati? Idzathandiza ndani kupatula ine? Kodi ndingayende m'njirayi n'kumalandirabe Ukaristia ndi mtima woyera? Pepalalo mukalionetse kwa munthu wamkulu wodziwa ntchitoyo, kenaka mubwere nalo pamaso pa Ambuye m'pemphero.

Tipemphere. Ambuye Yesu, Inu amene munaitana Mateyu pa ntchito yake, unikirani achinyamata athu posankha njira. Apatseni nzeru zowerengera, kudekha podikira, ndi manja oyera pogwira chuma cha anzawo. Mateyu Woyera, mutipempherere ife. Amen.