CUMA COBISIKA PA MSIKA WA ZAKALE

M'maiko a ku Ulaya ndi ku America muli anthu okonda kuyendayenda m'matauni ang'ono, kulowa m'masitolo a zinthu zakale ndi m'misika ya katundu wogwira kale nchito. Amapenda mbale, mipando ndi zithunzi, poyembekeza kuti pakati pa zotayidwa apezapo ca mtengo wapatali. Mtima umenewu suli wacilendo kwa munthu amene anafukulapo mulu wa kaunjika pa msika wa ku Chipata kapena ku Katete, kufuna jekete lolimba pakati pa nsanza.

M'caka ca 1989 munthu wina anagula cithunzi cakale ndi madola 4 pa msika wotere ku Adamstown, m'cigawo ca Pennsylvania, cifukwa anakonda matabwa ocizinga. Pocikanganula anapeza kumbuyo kwace pepala lopinda, limodzi la mapepala oyamba kusindikizidwa mu 1776 olengeza ufulu wa dziko la America. Mu 1991 pepalalo linagulidwa ndi madola oposa mamiliyoni 2. Kodi munthuyo anacimwa? Iai, pakuti wogula ndi wogulitsa onse awiri anali mumdima, ndipo panalibe wonyenga mnzace.

Koma mlandu usanduka pamene mmodzi adziwa ndi wina sadziwa. Mkazi wamasiye, poona kuti nkhokwe yatha ndi cimanga cikali kumunda, atulutsa makina osokera a Singer amene mwamuna wace anasiya. Wogula aona bwino kuti makinawo ngolimba, komabe agwedeza mutu, nawanyoza kuti ngakutha, nalipira ndalama yosakwana ndi thumba limodzi la cimanga. Pofika kwao asimba kuti Mulungu wamdalitsa. Solomo anamdziwa kale munthu wotere: pa Miyambo 20:14 anena za wogula amene apeputsa cinthu pamaso pa mwini wace, nadzitama atacoka. Ndiponso pa Levitiko 25:14 Mulungu analetsa Aisrayeli kusautsana pogula ndi pogulitsa.

Ena adzikanira ndi fanizo la pa Mateyu 13:44, la munthu amene anapeza cuma cobisika m'munda, nacibisanso, nagula mundawo. Komatu Ambuye sanali kuphunzitsa za malonda pamenepo. Anali kuonetsa kuti Ufumu wa Kumwamba uposa zonse, kotero kuti munthu ataya zace zonse ndi cimwemwe kuti aulandire. Wofuna citsanzo ca kagulidwe ayang'ane Abrahamu pa Genesis 23, amene anamyesera Efroni masekeli 400 a siliva pamaso pa mboni, kulipira manda a Sara mtengo wace wonse.

Izi sizitanthauza kuti phindu liri lonse ndi cimo. Wamalonda amene anatsegula belo la kaunjika naika yekha mitengo adziwa nchito yace. Kukambirana naye kuti atsitse si kuba, ndipo wa maso akuthwa amene asankha cokoma pa mulu wadya thukuta lace. Coipa ndico kunama za cinthu, kapena kusandutsa umbuli ndi njala ya mnzako kukhala khasu lolimira munda wako.

Tsono Mkristu, asanatambasule dzanja kulipira, adzifunse mau awa: Kodi mwini cinthuci akadadziwa zimene ndidziwa ine, akadandipatsa moni tsiku la Sabata pa khomo la chalichi? Ngati mtima ukana, anene zoona, naonjeze ndalama monga kuyenera. Ngati alibe, amlozere mnzaceyo kumene angagulitse bwino. Akulu anati, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Tsiku lidzafika pamene njinga ndi mipando ya wogulayo zidzayalidwa pabwalo, ndipo mkazi wace ndi ana ace adzayang'ana nkhope ya wogula wina, osadziwa mtengo.