Yehova anamasula mfundo za zitenje

Ndine mayi wa ku Kanyama, kwathu ndi ku Katete. Ndimapemphera mu Reformed Church in Zambia ndipo ndili m'Chigwirizano cha Amayi. Ndikupereka umboni uwu chifukwa mwana wanga wamwamuna ali moyo, akugwira ntchito, akulera banja lake, pamene mu 2024 adokotala anatiuza kuti chilonda cha pakhutu pake ndi khansa ya pakhungu, ife tilibe inshuwalansi, tilibe ndalama ya mankhwala.

Mwanayu anabadwa ndi khungu lachialubino. Thupi lake silipanga melanini, chija chimadetsa khungu lathu n'kuliteteza ku dzuwa. Ali wamng'ono mantha anga onse anali pa anthu oipa osaka ziwalo, moti kusukulu ndinkamuperekeza ndekha, kukamutenganso ndekha. Koma chimene chimatha abale athu achialubino ambiri ndi dzuwa lomweli timayanikira zovala. Limawotcha pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, mpaka khungu litatopa.

Atakula anayamba kukankha wilibala ku Soweto Market, kutsitsa mabokosi a tomato ndi matumba a kabichi m'malole. Amene anayendako mumsikamo mu Okutobala akudziwa kuti mthunzi mulibe. Ankavala kachipewa kophimba nkhope yokha, makutu ndi khosi zili pamtetete. Mafuta oteteza ku dzuwa tinkawadziwa, koma m'nyumba imene ufa umagulidwa wa pamela, botolo la mafutawo limadikira mwezi wabwino, ndipo mwezi wabwinowo suchedwa kudutsa. Pakhosi ndi pamikono panabuka zigamba zofiira, zokhakhala ukazikhudza. Kenako pamwamba pa khutu lakumanja panabwera kachilonda kosapola. Kankachita nkhanambo, nkhanambo ikachoka kankatuluka magazi, n'kuyambiranso. Mpongozi wanga ndiye anabwera kudzandinong'oneza kuti, "Amayi, pilo akudzuka nayo ili ndi magazi tsiku lililonse."

Kukiliniki anatilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu. Kumeneko anadula kanyama pang'ono kukapima. Zotsatira zitabwera, adokotala anatikhazika pansi n'kutiuza modekha kuti ndi khansa yotchedwa squamous cell carcinoma, imene imagwira kwambiri anthu achialubino. Anati mbali ya khutu iyenera kudulidwa msanga isanalowe mkati. Zigamba za pakhosi ndi pamikono anati sizinafike pokhala khansa koma zili panjira yomweyo, ndipo zifuna mankhwala odzola a 5-fluorouracil, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Efudix, kawiri patsiku kwa milungu itatu kapena inayi. Ali mkati molemba pepala la mankhwala anafunsa kuti, "Amama, muli ndi khadi la NHIMA?"

Tinalibe. Inshuwalansi ya boma imeneyi lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2018, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2019. Wolembedwa ntchito amamudula 1 peresenti pamalipiro, bwana wake n'kuikapo 1 peresenti inanso, mwiniwake osamva n'kupweteka komwe. Koma ife ogulitsa zitumbuwa, okankha mawilibala, ophwanya miyala, palibe amene amatidula. Uyenera kukalembetsa wekha ndi kumalipira wekha mwezi ndi mwezi, pa ndalama imene imabwera m'mawa n'kuthera pa ndiwo madzulo. M'makomboni muno alipo ambiri amene amayamba kuganiza za khadilo atakhala kale pabenchi ya chipatala.

Pepala lija ndinalowa nalo m'famase ina m'tauni. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana pakompyuta, anandiyang'ana ine, ndiye m'malo motchula mtengo anthu akumva anaulemba kuseli kwa pepalalo n'kundipatsira. Kachubu kake n'kakang'ono, kotha kubisala m'dzanja, koma mtengo wake unaposa lendi ya chipinda chathu ya mwezi wathunthu. Ndipo kamodzi sikakanakwana, chifukwa mankhwalawa sadzola thupi lonse nthawi imodzi. Umayamba ndi khosi, likapola n'kupita kumkono. Pamwamba pa zimenezo panali mafuta a dzuwa a SPF 50 oti azidzola moyo wake wonse, mabandeji, ndi ndalama ya minibasi. Mtsikanayo ataona miyendo yanga ikunjenjemera anandikokera mpando. Anati, "Amama, ngakhale zivute bwanji, musakagule zodzola za pamsika. Zimaziziritsa pamwamba, matenda akudya pansi." Mulungu amudalitse mwana wa eni ake ameneyo kulikonse ali.

Chinali chaka chowawa kwa aliyense. Kolera inali itangotisautsa kumayambiriro kwa chaka, odwala akugonekedwa ku Heroes Stadium, malonda a zakudya atafa. Mu Febuluwale boma linalengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Ufa unakwera, magetsi ankangothima, ndipo abale akumudzi amene tikanawalirira nawonso chimanga chawo chinali chitapserera m'munda.

Aphungu sanasowe. Wa kaloba anali wokonzeka, bola ndisiye mbaula, mapoto ndi matiresi ngati chikole. Mayi wina woyandikana naye nyumba anati chilonda chosapola n'cha anthu, tipite kwa sing'anga. Wina anandilozera kwa munthu wogulitsa madzi odzozedwa, amene amauza odwala kuti kumwa mankhwala n'kuchepa chikhulupiriro. Pa ameneyu ndiye ndilankhule mosabisa: kumeneko n'kupha anthu m'dzina la Yesu. Nditawafotokozera Abusa athu, anandikumbutsa za Mfumu Hezekiya. Mulungu anamva kulira kwake, anamuonjezera zaka 15, komabe mneneri Yesaya analamula kuti pachithupsa chake aikepo nkhuyu. Amene anamva pemphero ndi yemweyo anatuma mankhwala. Anati, "Mayi, pempherani, ndipo pepala la adokotalalo musalitaye."

Ndinapemphera. Usiku anthu atagona ndinkagwada pambali pa bedi, pepalalo nditaliika pa Baibulo, n'kumati, Atate, mwana uyu munandipatsa ndinu, khungu lake munalisankha ndinu, ine thumba langa mukulidziwa. Mumtima ndinkayembekeza kuti m'mawa wina tidzadzuka chilonda chitauma chokha, kapena kudzabwera munthu wa galimoto yaikulu. Yehova anali ndi njira yake.

Pa msonkhano wa Chigwirizano ndinangopempha mapemphero, za ndalama sindinatchule. Titati ameni, agogo ena amasiye ogulitsa malasha anaimirira pang'onopang'ono, atagwira bondo. Anayamba kumasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo. Inali yothina, anachita kuimasula ndi mano. Munatuluka timapepala ta ndalama topindapinda, takuda bii ndi fumbi la malasha, ndi makobili angapo. Anaika zonse patebulo n'kunena kuti, "Mwana ameneyu ananditsitsirako matumba osandilipiritsa. Ndi wathu." Atakhala pansi, m'tchalitchi monse munangomveka phokoso la zitenje. Uyu akumasula, uyo akupisa m'bulauzi, wina akufunsa nambala yanga ya foni kuti mwamuna wake atumize madzulo. Ndalama zina zinkanunkha kapenta, zina mafuta a zitumbuwa. Ine ndinangophimba nkhope, mawu anandithera.

Sizinathere pomwepo. Mayi amene inali nthawi yake yolandira chilimba anati ndilandire ndine, iye adikira, chikhalirecho anali atasungira ndalamayo malata. Anyamata a mawilibala ku Soweto anasonkha yawo, anaibweretsa m'kajumbo. Eni nyumba yathu, amene sapemphera nafe n'komwe, anati lendi iyambe yaima mpaka mwana achire. Palibe mmodzi mwa anthu amenewa amene anali ndi chotsala m'nyumba mwake chaka chimenecho, n'chifukwa chake ndikuti ndi Mulungu. Munthu wanjala sapereka chakudya chake chamadzulo pokhapokha Mzimu atamugwira pamtima.

Khutu analidula bwino, mbali ya pamwamba inachoka, bala linapola. Ndiye tinayamba mankhwala odzola aja. Mpongozi wanga anali woyembekezera, ndipo adokotala anachenjeza kuti mayi wapakati asawakhudze, choncho ntchitoyo inali yanga. M'mawa ndi madzulo ndinkavala gulovu, n'kufinya pang'ono kwambiri, chifukwa kadontho kalikonse ndinkaonamo nkhope za amayi aja. Masiku oyamba sipanaoneke kanthu. Sabata yachiwiri khosi linafiira, linatupa, linayamba kuchucha madzi ndi kuchita nkhanambo ngati wapsa ndi phala lamoto. Ngakhale malo amene tinkayesa abwinobwino anatuluka zilonda, pakuti mankhwalawa amafukula ndi zobisika zomwe. Kolala ya shati sinkamukhudza. Tulo sankagona. Anthu anayamba kunong'ona kuti achipatala amupatsa mankhwala olakwika, ndipo usiku wina iye mwini anandigwira dzanja nati, "Amama, tilekeni, ndatopa." Ndinamuyankha kuti, "Mwana wanga, adokotala anatiuziratu kuti zidzafika apa. Limba, Ambuye sanatifikitse pano kuti atisiye." Tinaimba nyimbo motsitsa mawu mpaka kunja kunayera. Nthawi imene anatiuza itakwana tinasiya kudzola, ndipo patapita milungu ingapo nkhanambo zinayoyoka, pansi pake panali khungu latsopano losalala.

Pokaonedwanso tinafika ku Cancer Diseases Hospital, chipatala cha khansa chimene chinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi chipatala cha UTH. Chisanamangidwe, wofuna chithandizo cha makina owotcha khansa ankayenera kupita kunja, ku South Africa kapena ku Zimbabwe. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha madokotala ndi anamwino a pamenepo. Koma pabenchi ndinakhala ndi amayi anzanga ochokera kutali, ana awo achialubino atakulunga mitu ndi nsalu, zilonda zitadya kale tsaya kapena diso. Amayi amenewo amapemphera monga ine, kapena kuposa. Sindinganene kuti Yehova amakonda wanga kuposa awo. Chimene chinasiyana n'chakuti wanga anafika chilonda chikadali chaching'ono, ndipo panapezeka anthu omugulira mankhwala.

Ichi chimandipweteka ngakhale ndili pakati pothokoza. Moyo wa munthu suyenera kudalira mfundo ya chitenje cha agogo ogulitsa malasha. Woimba John Chiti ndi bungwe la Albinism Foundation of Zambia, limene analiyambitsa mu 2008, akhala akunena kwa zaka zambiri kuti mafuta oteteza ku dzuwa ndi mankhwala, si zodzikongoletsera. Tsiku la 13 Juni chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira anthu achialubino, ndipo mu 2025 bungwe la WHO linaika mafutawa pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Pemphero langa n'lakuti afike pakiliniki iliyonse ya ku Kanyama, Chawama, George ndi Matero, munthu azikatenga monga timatengera maneti a udzudzu, pakuti botolo la mafuta n'lotsika mtengo kuposa opaleshoni.

Lero banja lonse tinalembetsa ku NHIMA, ndipo ndalama yake ndimaipatula ndisanagule china chilichonse. Ku Chigwirizano tinagwirizana kuti tizikumbutsana za khadilo pamodzi ndi chilimba. Mwana wanga anasiya wilibala. Mkulu wina wa mpingo anamuika m'kantemba ka mobile money, pamthunzi. Telala wa mumpingo anamusokera chipewa cha mlomo waukulu ndi mashati a manja aatali. Mdzukulu wanga anabadwa bwino, ndipo agogo a malasha aja ndi amene anayamba kumunyamula pa tsiku la ubatizo.

Kuseli kwa dzanja lamanzere la mwana wanga kwatulukanso kachigamba kena kokhakhala, ndipo mwezi wamawa tikukakaonetsa kwa adokotala kakadali kakang'ono. Mutikumbukire m'mapemphero anu, abale, pamodzi ndi amayi aja ndinawasiya pabenchi ndi ana awo. Ameni.