Pempho likafika pa seva, ndani walankhula?

Nambala ya NRC ya nzika ya Zambia ili ndi manambala 6, kamzere kopendekera, manambala awiri, kamzere kenanso, kenako nambala imodzi. Kalaliki wa pa boma ku Chongwe amaiwerenga ngakhale ali ndi tulo. Koma pa adiresi ya intaneti kamzere kameneka kali ndi ntchito yakeyake, yolekanitsa zigawo za njira. Wolemba pulogalamu akangoiponya nambalayo mu adiresi mmene ilili, seva imaona zigawo zitatu pomwe pali munthu mmodzi, n'kuyankha 404, kutanthauza kuti chomwe mukufunacho kulibe. Kuti kamzereko kadutse kayenera kulembedwa %2F, ndipo kakafika pa seva wina ayenera kukabwezera mwakale, kamodzi kokha, pamalo oyenera.

Tizinthu totere ndi timene timadzaza tsiku la munthu wolemba mapulogalamu a pa seva. Foni kapena kompyuta ikafuna kanthu pa intaneti imatumiza pempho, ndipo pempholo limafika ngati zilembo zondondozana basi. Mzere woyamba umanena chochita, monga GET pofuna kuwerenga kapena POST pofuna kupereka zinthu, ndi adiresi yake. Pansi pake pamabwera mizere ya ma header yonena za wotumiza, chilankhulo chimene akufuna ndi mtundu wa zimene watumiza. Pomaliza pake pali thunthu, momwe mumakhala zimene munthu walemba pa fomu. Pamene Tim Berners-Lee ankayambitsa HTTP, malamulo a mapempho amenewa, ku CERN, cha mu 1991, pempho lonse linali mzere umodzi wa GET. Ma header anakhazikika ndi HTTP/1.0 mu 1996. Kuyambira pamenepo, funso limene gulu lililonse la olemba mapulogalamu lakhala likulimbana nalo ndi lakuti zilembo zimenezi aziike motani m'manja mwa pulogalamu.

Mayankho oyamba anali achangu. CGI, ya mu 1993, inkamwaza pempho m'timayina tosiyanasiyana monga REQUEST_METHOD ndi QUERY_STRING. PHP, imene Rasmus Lerdorf anatulutsa mu 1995 ndipo mpaka lero ikunyamula mawebusayiti ambirimbiri, inafika pena ndi chinthu chotchedwa register_globals. Chilichonse chimene mlendo walemba mu adiresi chinkasanduka dzina lenileni mkati mwa pulogalamu, chosasiyana ndi mayina amene mwini pulogalamu anadzilembera yekha. Zinali zokoma kwa ophunzira. Koma taganizani pulogalamu imene imati munthu akalemba mawu achinsinsi olondola, authorized ikhale yoona. Wochenjera ankangowonjezera authorized=1 kumapeto kwa adiresi n'kulowa, mawu achinsinsi osawadziwa n'komwe. Akuluakulu a PHP anachizimitsa mu 2002 ndipo anachichotseratu mu 2012, patapita zaka khumi.

Cholakwika pamenepa n'chimene ndikufuna tichiyang'ane bwino, chifukwa sichinafe ndi register_globals. Mawu a mlendo anasakanikirana ndi zimene pulogalamu ikudziwa. Pabwalo la mfumu zimenezi sizingachitike. Munthu akabwera ndi nkhani ya malire a munda, kaya kwa nyakwawa kaya ku likulu la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, amene akhala pa mpando wa Asoli kuyambira 1971, mawu ake amamvedwa onse mmene wawanenera. Palibe nduna imene imawakonza kuti amveke bwino. Koma palibenso amene amawatenga ngati chigamulo. Akati "mundawu anandisiyira malume", bwalo limasunga kuti iye watero, ndipo ngati zilidi choncho zidziwika mboni zikalankhula. Pempho lofika pa seva liyenera kusungidwa chimodzimodzi: lathunthu, losasinthidwa, ndiponso losakhulupiriridwa kufikira litafufuzidwa.

Mu 2015 gulu la PHP-FIG linavomereza muyezo wotchedwa PSR-7, umene unaika pempho lonse m'chinthu chimodzi, ServerRequestInterface. Zochokera mu adiresi zili pazokha, za pa fomu pazokha, ma cookie ndi mafayilo otumizidwa pazokhanso. Chimene chinautsa mkangano n'chakuti chinthucho sichisinthika. Ukafuna kuwonjezerapo kanthu, monga dzina la munthu amene watsimikizira kuti ndi iyedi, umalandira kope latsopano, loyamba lija n'kukhala momwemo. Ena ankati uku n'kuwononga malo mu kompyuta, ena ankati lonjezolo ndi loperewera chifukwa thunthu la pempho limatha kusinthikabe. Mfundo yachiwiriyi ndi yoona. Komabe ine ndili kumbali ya PSR-7, ndipo chifukwa changa chili kuno kumudzi, kutali ndi kumene muyezowo unalembedwera.

Chongwe anali mmodzi mwa maboma 13 amene anayamba kulandira feteleza ndi mbewu za thandizo la boma la FISP kudzera pa e-voucher mu nyengo ya 2015/2016. Mu 2017 kunabwera ZIAMIS, kaundula wa pa kompyuta wa alimi, mabungwe awo ndi ogulitsa zipangizo zaulimi. Kuchokera nthawi imeneyo, thumba la feteleza la mlimi wa ku Kanakantapa, Lwimba kapena Palabana limayamba ladutsa pa seva ngati pempho. Wapereka K400 yake, dzina lake lafunsidwa, wogulitsa watsimikiza kuti katundu watuluka, zonsezi ndi mapempho. Ndiye funso lakuti walankhula ndani silikhalanso la m'kalasi.

Mabuku ophunzitsira amajambula munthu mmodzi, kompyuta yake, adiresi yake ya IP. Kuno amene wadina batani kawirikawiri si mwini nkhani. Akhoza kukhala mlangizi wa zaulimi amene akulembetsa alimi a dera lonse pa foni imodzi, kapena mtsikana wa pa kanyumba ka mobile money pamsewu wa Great East, kapena mdzukulu amene agogo amupatsa NRC kuti awathandize poti maso anafooka. Ndiye m'pempho limodzi muli anthu atatu: mwini foni, amene wadina, ndi amene nkhaniyo ikumukhudza. Pulogalamu imene ili ndi malo amodzi okha otchedwa user imakakamiza atatuwa kukhala mmodzi, ndipo tsiku limene feteleza wa wina watengedwa ndi wina, kaundula sangathe kunena kuti dzanja linali la yani.

Adiresi ya IP nayo ndi mboni yofooka. Makampani a mafoni amadutsitsa makasitomala ambirimbiri pa adiresi imodzi yoonekera kunja. Wolemba pulogalamu akaika lamulo lakuti adiresi imodzi ikatumiza mapempho ochuluka itsekedwe, poopa akuba, akhoza kutsekera kunja mudzi wonse wosalakwa. Ndipo header yotchedwa X-Forwarded-For, imene ambiri amaiwerenga pofuna kudziwa kumene pempho lachokera, wotumiza akhoza kudzilembera yekha chilichonse. Imakhulupirika pokhapokha ngati waiika ndi makina ako omwe.

Ambiri kuno sagwiritsa ntchito browser n'komwe. Ali ndi kafoni ka mabatani, amaimba nyenyezi, manambala ndi hashi. Zimenezi zikafika kwa wolemba pulogalamu zimakhala zasanduka kale pempho la HTTP. Mwachitsanzo kampani ya Africa's Talking ya ku Nairobi imatumiza POST yokhala ndi sessionId, phoneNumber ndi text, ndipo mu text mumakhala zonse zimene munthu wadina, zolumikizidwa ndi nyenyezi, monga 1*2*400. Apa ma header onse akunena za makina a kampaniyo, ndipo mlimi akuonekera m'tizigawo titatu ta thunthu basi. Amene anazolowera kufunsa ma cookie kuti adziwe munthu apeza mulibe kanthu.

Pali header ina yotchedwa Accept-Language, yonena chilankhulo chimene wopempha akufuna. Chinyanja chili ndi chizindikiro chake, ny, ndipo Chisoli chili ndi sby. Koma mafoni ambiri amagulidwa ali pa Chingerezi ndipo amakhala momwemo mpaka kufa, choncho header imeneyi imanena za foni osati za mwini wake. Kumufunsa munthuyo pa tsamba loyamba n'kwabwino kuposa kukhulupirira foni.

Mayina nawo ali ndi msampha. Ng'andu, Ng'ona, Mang'anja: kachizindikiro kapamwambako m'chilankhulo cha SQL kamatseka mawu. Pulogalamu yolembedwa mosasamala imagwa ikakumana ndi dzina lotere, ndipo khomo lomwelo ndi limene akuba amalowera. Njira yaulesi ndiyo kuchotsa kachizindikiroko pempho likangofika. Zikatero Ng'andu wasanduka Ngandu, dzina la mu kompyuta lasiyana ndi la pa NRC, ndipo pa tsiku lolandira munthu abwezedwa kuti si iyeyo. Apa ndi pamene kusasinthika kwa pempho kumaonetsa phindu lake. Dzina lisungidwe mmene mwini wake walilembera. Chitetezo chiikidwe pamene dzinalo likulowa mu database, pogwiritsa ntchito mafunso okonzedweratu amene amalekanitsa lamulo ndi zolembedwa.

Wina anganene kuti kusunga zonse mmene zafikira kulinso ndi ngozi, ndipo akunena zoona. Maseva ambiri amalemba adiresi ya pempho lililonse m'kaundula wawo, ndipo adiresiyo imatsalanso m'mbiri ya browser ya foni yobwerekana ija. Nambala ya NRC kapena ya foni ikakhala mu adiresi, yafalikira m'malo amene palibe akuwalondera. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika udindo wosamala zinsinsi zotere pa amene akuzisonkhanitsa. Choncho kusasintha pempho pamene pulogalamu ikuligwiritsa ntchito sikutanthauza kulisunga lonse mpaka kalekale. Zachinsinsi ziyende m'thunthu, pa HTTPS, ndipo m'kaundula mutsale zokwanira kulondola nkhani ikavuta: nthawi, amene anadina, ndi nambala ya pempholo.

Nambala ya pempho imeneyi ndiyo ndimaiona kuti imanyozedwa kwambiri. Mwambo wa Chakwela Makumbi ukachitika, mitambo n'kuyamba kusonkhana, aliyense amafuna mbewu ndi feteleza sabata lomwelo. Netiweki imalemedwa. Wogulitsa adina batani, kachizindikiro kazungulirazungulira, yankho osabwera. Mlimi ali chilili ndi ngolo panja. "Bwanji bwana, zatheka?" Wogulitsa adinanso. Iye sangadziwe ngati pempho loyamba linafera panjira kapena linafika koma yankho ndi limene linasochera. HTTP payokha sikumbukira, pempho lililonse imaliona ngati lachilendo. Malamulo ake amati GET, PUT ndi DELETE zikhoza kubwerezedwa popanda kusintha zotsatira, koma POST ilibe lonjezo limenelo. Ndiye mapempho awiri ofanana akafika, seva yosakonzekera imachotsa ndalama kawiri, kapena imakana lachiwirilo ndi uthenga wakuti mlimiyu analandira kale, wogulitsa n'kuganiza kuti munthuyo akufuna kumubera.

Mankhwala ake ndi odziwika. Kampani yolipirira ya Stripe imagwiritsa ntchito header yotchedwa Idempotency-Key: foni imapanga nambala yapadera isanatumize, ndipo ikabwereza imatumizanso nambala yomweyo. Seva ikaona nambala imene inaionapo kale sichitanso ntchitoyo kachiwiri, imangobweza yankho loyamba lija. Wophunzira wa ku yunivesite ya UNZA kapena ya CBU amene amayesa pulogalamu yake pa laputopu, seva ndi browser zili m'makina amodzi, vutoli sangalione chifukwa yankho limabwera nthawi yomweyo. Kuti alione ayenera kudula netiweki dala, pempho litachoka koma yankho lisanafike, kenako n'kudinanso, n'kukawerenga mu database kuti matumba atuluka angati.