Bala langa lapola, Ambuye alemekezeke

Ndikulemba umboniwu ndili ku Manchester, kumene ndinabwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba impso zanga zisanafooke. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndimakhala pa makina a dayalisisi maola 4, magazi akutuluka, kusefedwa, n'kubwereranso m'thupi. Zimenezo ndinazizolowera. Chinandigwetsa ndi kabanga kofiirira kamene kanatuluka pantchafu yanga yakumanzere.

Kanali kochepa, koma kupweteka kwake kunali ngati munthu wandikanikiza ndi khala lamoto. Pansi pa khungu panauma gwa. Usiku bulangete likangokhudza, ndinkalira. Ndinabisa milungu itatu. Mukudziwa ife amayi, malo amenewo sitionetsa wamba. Dokotala woyamba anati ndi tizilombo tapakhungu, nandipatsa maantibayotiki, koma banga lija linada bii, kenako linaphulika n'kukhala bala.

Usiku wina, mawu opempherera atandithera, ndinangogwada pambali pa bedi n'kunena kuti, "Atate, mundionetse kwa munthu wodziwa." M'mawa mwake namwino wa ku dayalisisi anaona ndikutsimphina. Anatseka katani, nandipempha mwaulemu kuti aone. Atangoona anathamangira dokotala wa impso. Ine ndikhulupirira ndi mtima wonse kuti maso a namwino uja anawatsegula ndi Mulungu.

Tsiku lomwelo ndinamva dzina lakuti calciphylaxis. Anandifotokozera kuti impso zikaleka kugwira ntchito, mchere wa phosphate umachuluka m'magazi, ndipo kashiamu amakaunjikana m'timitsempha tating'ono ta pakhungu ndi m'mafuta. Timitsemphato timauma, magazi amaundana m'katimo, mnofu n'kufa chifukwa chosowa magazi. N'chifukwa chake ululu umayamba diso lisanaone kanthu kooneka koopsa. Anadulako kakhungu kukapima kuti atsimikize. Dokotala sanandibisire kuti pafupifupi theka la odwala nthendayi samaliza chaka, ndipo kawirikawiri chimawatenga ndi tizilombo tolowa m'magazi kudzera pabala. Amuna anga atamva anakhala chete mpaka kunyumba.

Anandiletsa warfarin, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi amene ndinkamwa chifukwa cha mtima, poti amathandizira mitsempha kuuma ndi kashiamu. Mapilitsi omanga phosphate okhala ndi kashiamu anawasintha n'kundipatsa sevelamer, nawonjezera cinacalcet wotsitsa homoni ya parathyroid. Ndiyeno kumapeto kwa dayalisisi iliyonse ankandidontheza magalamu 25 a sodium thiosulfate. Mankhwala amenewo, abale anga, amachititsa nseru yosaneneka. Ndinkasanza mpaka nthiti kuwawa, koma ndikatsegula maso ndinkapeza amayi a chigwirizano chathu ali pakhomo, wina wabwera ndi phala, wina akugwira mapazi anga n'kumapemphera chamumtima.

Usipa umene achemwali ankanditumizira kuchokera kumudzi ndinausiya, nsinjiro ndinachepetsa, zakumwa za kola ndinaleka, zonsezi chifukwa cha phosphate. Potsuka bala ankayamba andipatsa mankhwala amphamvu oletsa ululu, komabe ndinkaluma chitenje. Masiku amenewo ndinkakumbukira Yobu atakhala paphulusa ndi zilonda zake, ndipo ndinkadziwa kuti Mulungu amene sanamutaye iye sanditaya inenso.

Mwezi wachiwiri ululu unayamba kutsika, ndinagona usiku wonse koyamba. Mwezi wachisanu namwino anandionetsa mnofu watsopano, wofiira, ukumera m'mphepete mwa bala. Tinalira tonse awiri. Lero patsala chipsera chokha, ndipo Lamulungu lapitali ndinaimirira m'kwaya popanda ndodo. Ulemerero ukhale kwa Yehova amene anandichotsa pakamwa pa manda!

Inu amene muli pa dayalisisi, kapena mukudwazika m'bale wanu wa impso: mukaona banga lopweteka kwambiri pantchafu, pamimba, m'matako kapena pakatumba, musachite manyazi ngati ine. Pempherani, ndipo onetsani dokotala wa impso tsiku lomwelo.