Ukwati wa Kunyanja: Kodi Mtunda Ungatikanire Abale?

Mwana wa mlongo wanga atabwera kudzandiuza kuti ukwati wake akachitira ku Cape Maclear, m'mphepete mwa nyanja, pamaso pa anthu osapitirira 20, ndinayamba ndaseka poganiza kuti ndi nthabwala za ana okulira m'tauni. Iye sanaseke. Anatulutsa kope la ana asukulu m'mene iye ndi bwenzi lake adalembamo masamu awo. Tsamba la kumanzere linali la ukwati wa ku Lilongwe monga tiudziwira: holo, zokuzira mawu, woyendetsa mwambo, keke, diresi, zovala za operekeza, magalimoto okongoletsedwa, wojambula zithunzi, mpunga ndi nkhuku za anthu 300. Tsamba la kumanja linali lalifupi: minibasi yaikulu imodzi, mafuta ake, zipinda zogona masiku awiri pakati pa sabata, nsomba zogula kwa asodzi ndi ufa wochokera kumudzi.

"Amalume," anatero, "tsamba ili ndi ngongole ya zaka ziwiri, pamene linzakeli ndi ndalama zimene tili nazo kale m'manja. Chinanso, ine ndakula chonchi nyanja ndimangoionera pa kalendala."

Masamuwo ndinawayang'ana kawiri koma bodza sindinalipezemo. Aliyense amene wakhalapo m'komiti ya ukwati chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa m'mene misonkhano imeneyi yakhalira: malonjezo ambiri, ndalama zochepa, ndipo mapeto ake mkwati amazemba kukagwada kwa akatapila. Ndawaonapo maanja amene chaka chawo choyamba chinathera kubweza ndalama za tsiku limodzi, ndi ena amene mkangano wawo woyamba unabuka usiku wa ukwati womwewo, atawerenga za perekaniperekani n'kupeza kuti sizinafike ndi pa mtengo wa holo pomwe. Tsono sindikanati mwanayo ndi wopanda nzeru. Komabe usiku umenewo tulo tinandithawa, chifukwa kuseri kwa masamuwo kunali funso limene kope silikanayankha: kodi ukwati ndi wa yani?

Lamulo la dziko limayankha mofewa. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati womangidwa ku boma, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa mwambo wa makolo, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi mpaka kudziwika ngati banja. Za holo ndi keke silinenapo kanthu. Nawo makolo athu sankamanga banja ndi khamu. Ankalimanga ndi ankhoswe, anthu amene amasinthana tambala ndi thadzi pamaso pa mbali zonse ziwiri, n'kuvomera kuti banjalo likadzagwedezeka adzadzutsidwe ngakhale pakati pa usiku. Khasu, nkhwangwa, lichero ndi mthiko zinkakwanira kunena zonse zofunika kunenedwa. Diresi loyera ndi keke yosanjikiza ndi alendo amene anabwera ndi amishoni ndi masitolo. Choncho munthu wonena kuti ukwati waung'ono ukuphwanya chikhalidwe ayambe watiuza kuti akunena chikhalidwe chiti.

Ndi maganizo amenewa ndinapita kwa mlongo wanga, make wa mwanayo, ndili ndi chikhulupiriro kuti ndikamunyengerera mosavuta. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati: "Achimwene, zaka 30 ndakhala ndikuvina m'maukwati a ana a anzanga, kuponya tindalama tanga ta mandasi. Sindinkataya ayi, ndinkaika. Lero nthawi yanga yokolola yakwana, mwana akuti akachitira kumadzi."

Apa ndinasowa chonena. Ife ophunzira pang'ono timakonda kunyoza perekaniperekani ngati chionetsero cha kunyada, ndipo nthawi zina alidi choncho. Koma kwa mayi ngati mlongo wanga, ameneyu ndi banki yopanda mabuku, imene imasunga chuma chake m'makumbukiro a anthu. Kupatsa ndi kuika, anatero akale. Ndipo nkhaniyi ili ndi mbali ina imene sitiiganizira kawirikawiri: amayi onse aja amene iye anawavinira nawonso akudikira tsiku lodzabweza. Munthu amene mwamumana mpata wobweza zabwino mwamusiya ndi katundu pamutu. Adzakumana nanu kuchigayo n'kumayang'ana pansi, osati chifukwa munamulakwira, koma chifukwa simunamulole kukuthokozani m'njira yokhayo imene amaidziwa. Ana awiri aja powerengera ngongole imene akuipewa anaiwala ngongole ina yakale, imene sanaitenge ndi iwo koma anakulira mumthunzi mwake.

Ngakhale zili choncho, sindikhulupirira kuti mwana azilowa m'banja atamangidwa chingwe cha akatapila pofuna kuti make akolole. Chimene chinandivuta kwambiri sichinali kuchepa kwa ndalama kapena kwa anthu. Chinali mtunda.

Kumudzi ukwati ulibe khadi. Wamva ng'oma wabwera, monga zikhalira pamaliro. M'tauni tinaphunzira makhadi, koma ngakhale pamenepo, kuti muitane anthu 20 okha ku Lilongwe, muyenera kuyang'ana azakhali anu m'maso n'kuwauza kuti malo awo palibe. Ndi ochepa ali ndi mtima woterowo. Koma mukasamutsira ukwati kutali, simukananso munthu aliyense ndi pakamwa panu. Amakukanirani ndi msewu. Mumatha kunena kuti aliyense ndi wolandiridwa, pamene mukudziwa bwino lomwe kuti ndalama yoyendera ndi yogonera idzatseka chitseko chimene inu mwachita manyazi kuchitseka. Ndipo msewu susankha mwachilungamo. Msuweni wa galimoto yakeyake adzafika. Mnzanu wa kuofesi adzafika. Otsala ndi okalamba, amayi oyamwitsa, ndi onse amene ndalama ya ulendo wotere ndi thumba la feteleza. Mtunda umapeta abale ngati lichero, koma umasunga olemera n'kuuluza osauka, ndipo wopetayo amasamba m'manja n'kunena kuti si iye.

Nditapempha kuona mndandanda wa okwera minibasi ija, ndinapeza zimene ndinkaopa. Mipando 9 inali ya anzawo a kuntchito. Azakhali amene anamusunga mwanayo zaka zinayi zonse za kusekondale ku Dedza munalibe. Agogo ake, mayi anga, munalibe. Akuti msewu ungawatopetse.

Monga nkhoswe, sindinatsutse tsamba la kumanja lija. Ndinangoti chinkhoswe chichitikire kumudzi, pabwalo, chitseko chili pululu, ndi thobwa ndi mbuzi imodzi, kuti make mwana avinirepo ndi anzake. Ndipo amene sadzakwera minibasi akawauze okha pamaso, atakhala pamphasa, osati pa WhatsApp. Za mipando ndinati iyambe yaperekedwa kwa amene sangathe kukafika okha. Mnyamatayo, amene ndi waulemu ndithu, anandifunsa motsitsa mawu: "Amalume, ndiye kuti pa moyo wathu wonse palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene lingakhale lathulathu?" Funsoli sindinaliyankhe bwino, ndipo mpaka lero limandikhala pamtima. Mnyamata ameneyu amalipirira sukulu abale ake atatu. Mwezi uliwonse malipiro ake amagawidwa asanafike m'thumba. Umunthu umene timaulalikira ndi wokoma pakamwa pa wolandira. Pamsana pa wosenza umalemera. Ndiyeneranso kuulula kuti mwa ine munali kamtima kofuna kudzakhala pa tebulo la patsogolo mu holo yodzaza, anthu akuloza kuti awo ndiwo eni mbumba. Si zonse zimene akuluakulu timazitcha mwambo zili mwambo.

Anavomera, ngakhale monyinyirika. Anzawo asanu anauzidwa kuti adzipezere okha mayendedwe, ndipo atatu mwa iwo anafikadi.

Tinanyamuka m'mwezi wa Seputembala, mphepo ya mwera itayamba kuleka. Kuchokera ku Dedza tinatsika mapiri pa msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere mpaka ku Golomoti, kumene kuzizira kwa kwathu kunatisiya ndipo milambe inayamba kuoneka. Tinalowera cha ku Monkey Bay, ndipo tisanafike patauniyo tinakhotera kumanzere, kudutsa m'mapiri a miyala ndi anyani. Mayi anga, amene apyola zaka 75, anakhala chete ulendo wonse atagwiritsa mpando wa kutsogolo kwawo. Moyo wawo wonse adya usipa ndi utaka wa m'nyanja imeneyi, imene ili ulendo wa maola ochepa chabe kuchokera pakhomo pawo, koma anali asanaiponde. Titatsika anayenda okha mpaka pamchenga, navula nsapato, naima nthawi yaitali. Kenaka anatunga madzi ndi dzanja, nalawa, natembenukira kwa ine: "Iwe, tsidya lake lili kuti?"

Ndisanaone nkhope yawo tsiku limenelo, mbali ya ulendowu yokaona malo ndinkaiyesa yachibwana. Ife timayenda pa chifukwa: maliro, chipatala, geni, kapena ntchito, monga anayendera makolo athu opita ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare. Kuyenda kongofuna kuona tinakusiyira azungu, ndipo mpaka tinazolowera kuti kukongola kwa dziko lathu ndi katundu wogulitsa kwa alendo. Kusukulu tinaloweza kuti David Livingstone anafika pa nyanjayi mu 1859, ndipo dzina lakuti Cape Maclear ndi iye anapereka polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, ngakhale eni mudzi amautcha Chembe. Mu 1980 derali linakhala malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo a mtengo wapatali pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha tinsomba ta mawangamawanga totchedwa mbuna. Kuli anthu ku Ulaya amene amaweta tinsomba timeneti m'nyumba zawo ndipo amatidziwa mayina, pamene mayi wobadwira ku Dedza anatsala pang'ono kulowa m'manda asanationepo. Kodi kulakalaka kwa mdzukulu wawo kuti aone nyanja yakeyake tingakutche kunyada? Ine ndinasiya kutero pamene ndinaona mayi anga ali m'boti pafupi ndi chilumba cha Thumbi, akuseka ngati kamtsikana nkhwazi itatsika kudzakwatula nsomba pamadzi.

M'mawa wa tsiku la ukwati tinapita kukaona manda a amishoni. A Livingstonia anafika pamalopa mu 1875 ndi sitima yawo ya Ilala, koma malungo anawapulula. Dokotala wawo William Black anamwalira mu 1877, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Ine ndinkafotokoza zaka ndi mayina monga mphunzitsi, koma mayi anga anandidula: "Nanga abale awo anabwera pamaliro?" Nditawauza kuti kwawo kunali kutali, ulendo wa miyezi, anapukusa mutu, nawerama kuzula kaudzu pamanda amodzi. Kwa iwo chomvetsa chisoni sichinali imfayo, koma kuti anthu anaikidwa popanda wowadziwa. Mkwatibwi anali pambali panga, ndipo ndinaona kuti wamva.

Mwambo weniweniwo unali waufupi ndi wokoma. Abusa amene tinabwera nawo anadalitsa banjalo pansi pa mtengo, dzuwa likupendeka, asodzi akukonza nyali zawo zokakopera usipa usiku. Azakhali aja analulutira mpaka mawu anawathera. Koma pamene tinakhala pansi kuti tidye, ndinaona chinthu chimene palibe anachilemba m'kope lija. Kuseri kwa mpanda wa bango kunali maso a ana a m'mudzimo, ambirimbiri, akutiyang'ana. Chembe si chithunzi cha pa kalendala. Ndi mudzi waukulu wa asodzi, wa amayi ochapa m'mphepete mwa madzi ndi usipa woyanikidwa pa thandala. Masana ake ndinali nditaona mmodzi wa anzake a mkwatibwi akujambula amayi ochapawo osawapempha, ndendende monga amachitira alendo amene timawadandaula. Tinathawa khamu la kwathu, n'kukapeza khamu la eni ake, ndipo tsopano azungu a kuseri kwa mpanda tinali ife.

Mayi anga sanafunse munthu. Anatenga beseni, nakokoloramo mpunga ndi nsomba, natuluka nalo pachipata. Atabwerera anatenganso lachiwiri. Woyang'anira malowo anayang'ana mkwati, mkwati anayang'ana ine, ine ndinayang'ana kunyanja. Chakudya chimene chinawerengedwa mosamala kuti chikwanire anthu 20 chinatha ena tisanakhute, ndipo keke, imene inali yaing'ono kale, aliyense anangolawa kachidutswa konga chala.

Banjalo lilibe ngongole, ndipo mwezi watha linagula kapuloti kunja kwa mzinda. Mlongo wanga amati pachinkhoswe paja anakolola theka lokha la zimene anaika, ndipo amanena zimenezi mwana wake akumva. M'bale wina wa kuchimuna, amene anauzidwa pamphasa monga tinagwirizana, amatipatsabe moni wa m'mphuno. Akuti kuuzidwa mwaulemu kuti sukupita ndi kusapita ndithu. Mayi anga anabwerako ndi botolo la madzi a m'nyanja limene analiika pawindo, ndipo aliyense wobwera kudzacheza amayamba walawitsidwa, kuti atsimikize yekha kuti madzi ochuluka chotero alibe mchere.